Tsiku lomwe ndinawaliza agogo chifukwa cha ka "fi"

Assalam alaikum abale ndi alongo. Izi ndikulembera makamaka anzanga amene mumaima kutsogolo kumasulira, kaya ndi khutba ya Lachisanu, kaya darasa ya mu Ramadhan, kaya mumangophunzitsa ana ku madrassa madzulo akaweruka ku sukulu. Ine ndimaphunzitsa pa kamzikiti kena kumudzi kwathu mbali ya ku Mangochi, Chiarabu ndinaphunzira ndithu ndipo kuwerenga ndimawerenga bwinobwino, koma pali chinthu chomwe ndinkachiona ngati chachabe mpaka tsiku lomwe chinandionetsa misozi ya munthu wamkulu. Ndikunena timawu ting'onoting'ono ta Chiarabu tija timatchedwa huruf al-jarr, ku Chichewa aphunzitsi athu ankati aperekezi. Ka bi, ka li, ka fi, min, ila, ala ndi an.

Unali mwezi wa Ramadhan titaswali Asr, anthu ali phee ndi njala, azibambo mbali ino azimayi kuseri kwa chinsalu. Shehe wathu anali atapita ku maliro nde anandisiyira darasa kuti ndimasulire masura afupiafupi aja. Nditafika pa Surat Al-Ma'un, sura 107, ndinawerenga "fawaylun lil muswallin, alladhina hum an swalatihim sahun" kenako mosaganiza kawiri ndinati, tsoka kwa oswali, amene amaiwala mu swala zawo. Ndinapitiriza mpaka kumapeto, dua, anthu nkubalalika kukakonza futari.

Ndikuvala nkhwaira pakhomo kunabwera kamnyamata kuti agogo akukufunani. Ndinawapeza atakhala pa khonde la mzikiti pansi, tasbihi ili m'manja koma sakuiwerenga, mpango atakokera kumaso. Anati, "Mwalimu, ndiye kuti ineyo zanga zatha? Ine masiku ano ndikaima pa swala ndimasokoneza, pena sindidziwa kuti ndili pa rakaa yachitatu kapena yachinayi, pena Fatiha ndimaibwereza. Ndayamba kuswali amayi anu asanabadwe. Ndiye tsoka mwanenalo ndi langa?" Mawu akunjenjemera, misozi ikutsika m'makwinya. Ine ndinangoti ayi agogo Allah ndi wachifundo, koma mumtima ndikudziwa kuti zomwe ndanena pa darasa zija zikuwapatsa chifukwa cholirira, ndipo yankho lenileni ndinalibe.

Usiku umenewo titamaliza Tarawih ndinawafotokozera shehe atabwerako. Sanandikalipire. Anangoti tenga Mushaf, buku la Qur'an, uwerengenso, ndinawerenga, anati pali fi pamenepo? Ndinati ayi pali an. Anati nanga "mu" wakoyo wamutenga kuti? Kenako anatsegula tafsir, buku lofotokoza matanthauzo a Qur'an, ya Ibn Kathir nkundionetsa mawu a Ata ibn Dinar, mmodzi mwa ophunzira akale, omwe anathokoza Allah kuti ananena "an swalatihim" ndipo sananene "fi swalatihim". Ka an kamasonyeza kutalikira, kuchoka pa chinthu nkuchisiya uko. Ndiye aya ikunena za munthu amene swala waitaya kumbuyo, nthawi ikudutsa iye alibe nazo ntchito, osati amene waima ndithu pamaso pa Mbuye wake koma maganizo amuthawa pang'ono. Anandiuzanso kuti funso la agogolo si lachilendo, Mus'ab anafunsapo bambo ake Sa'd ibn Abi Waqqas kuti ndani mwa ife saiwala, bambowo nkumuyankha kuti sizimenezo, apa akunena zotaya nthawi ya swala. Komanso Mtumiki (SAW) mwini wake anaswalitsapo marakaa 2 m'malo mwa 4 mpaka swahaba (mnzake wa Mtumiki) wotchedwa Dhul Yadayn anafunsa ngati swala yafupikitsidwa kapena waiwala, ndipo sijida ya sahw, kugwetsa nkhope kokonzera zomwe waiwala pa swala, ilipo chifukwa cha zimenezi.

M'mawa mwake ndinaima pa darasa nkukonza pamaso pa onse. Ndinati dzulo ndinalakwitsa, tanthauzo lake ndi "amene amanyalanyaza swala zawo". Taonani apa, ka an sindinakapezere kamawu kofanana nako ayi, ndinachita kusintha mneni, kuchoka pa kuiwala kupita pa kunyalanyaza. Apa mpomwe ndinayamba kuzindikira kuti Chichewa chathu zambiri zomwe Chiarabu chimanyamulira mu mperekezi ife timazinyamulira mu mneni.

Vuto lathu ambiri ndi momwe tinaphunzirira. Pa bolodi ankatilembera kuti fi ndi mu, ala ndi pa, min ndi kuchokera, ila ndi ku kapena mpaka, bi ndi "ndi", basi tinaloweza ngati matebulo a masamu. Poyambira nzabwino. Koma nditabwereka buku la Ibn Hisham, katswiri wa nahw (galamala ya Chiarabu) wa ku Cairo amene anamwalira mu 1360, lotchedwa Mughni al-Labib, ndinapeza kuti ka bi kokha wakawerengera matanthauzo 14, min 15, fi 10, ndipo li mpaka 22. Ndiye munthu ukuyenda ndi tanthauzo limodzi m'thumba nkumati ndimasulira Qur'an yonse, mmm ayi ndithu.

Aya yomwe aliyense wophunzira nkhanizi amakumana nayo ndi ya mu Surat Taha, 20:71, pomwe Firauni akuopseza amatsenga ake atakhulupirira Mbuye wa Musa ndi Haruna. Akuti "wala uswallibannakum fi judhu'in nakhl". Ukatsata za pa bolodi zija uti ndikupachikani m'mathunthu a mitengo ya tende. Ndinayesapo kunena choncho ku madrassa, mtsikana wina wa sitandade 6 anakweza mkono nkufunsa kuti mwalimu mitengoyo inali ndi mphako? Funso lanzeru, chifukwa m'Chichewa ukati m'thunthu ndiye kuti mkati mwenimweni. Tafsir ya Jalalayn imangodula mwachidule kuti fi apa akutanthauza "pa iyo". Akatswiri akale a galamala a mumzinda wa Kufa ku Iraq ankavomereza zoti mperekezi wina amatha kulowa m'malo mwa mnzake. A mumzinda wa Basra, ku Iraq komweko, ambiri sankakhutira nazo, ankati kachilembo kamakhala pa tanthauzo lake ndipo ngati kaoneka pachilendo ndiye kuti pali fanizo kapena mneniwo wameza tanthauzo la mneni wina, zomwe amati tadhmin. Zamakhshari, amene anamwalira mu 1144, mu Al-Kashshaf anafotokoza kuti wopachikidwayo wakhazikika pa thunthupo molimba ngati chinthu chomwe chaikidwa m'chotengera. (Bukuli ma ulama amachenjeza pa nkhani za aqida (chikhulupiriro) poti mwini wake anali wa gulu la Mu'tazila, ine ndimatengamo za chilankhulo zokha ndipo zina ndimafunsa.)

Ine pa awiriwa mtima wanga uli ndi a ku Basra. Mukangoti fi ndi ala basi nkhani yatha, ndiye bwanji Allah sanangoti ala, poti mawuwo analipo? Mu ka fi muli nkhanza za Firauni, kuwamanga anthu mpaka thupi ndi mtengo zikhale ngati chinthu chimodzi, osatsikapo. Chinandisangalatsa nchoti ifenso tili nazo zotere osazizindikira. Timati mwana wakwera mumtengo, nyani ali mumtengo, palibe amaganiza kuti nyaniyo wabooleza khungwa nkulowa mkati. Ndiye pophunzitsa ndimati "ndikupachikani pa mathunthu a mitengo ya tende", ndikatero ndimaima kaye nkuwauza kuti Chiarabu chanena "mu" ngati mmene timanenera kuti mumtengo, ndipo chatero pofuna kuonetsa kukanikizidwa kwake. Kumasulira pakokha, kufotokoza pakokha. Sindisakaniza, kuopa kuti wina angatenge mawu anga ngati ali mu aya.

Pomwe ndimakhalitsa kwambiri ndi pa Surat Saba, 34:24, "wa inna aw iyyakum la ala hudan aw fi dhwalalin mubin". Mu mpweya umodzi muli ala ndi fi. Chiongoko chapatsidwa ala, kusokera kwapatsidwa fi, ndipo mukayang'ana kumayambiriro kwa Baqara, 2:5, mupezanso "ulaika ala hudan min rabbihim". Apa Chichewa chimatikomera chifukwa tili ndi pa komanso mu, nde timati ali pa chiongoko, ali m'kusokera koonekeratu. Anthu a tafsir amati woongoka ali ngati wakwera hatchi, ali pamwamba akuona kutali ndipo chingwe chili m'manja mwake, pomwe wosokera wamira, mdima wamuzinga mbali zonse sakudziwa kolowera. Kwathu kuno hatchi anthu saidziwa kwenikweni ndiye ndimawapatsa za munthu amene ali pa njinga pamsewu wouma, ndi wina amene watitimira m'matope a kudambo mwezi wa February, akati azule mwendo uwu winawo nkumalowa. Ndikanena choncho azibambo amagwedeza mitu poti aliyense anatitimirapo.

Koma chenjerani, ka pa kathu sikuti nthawi zonse kamanena zapamwamba ndi zabwino. Timatinso ali pa mavuto, ali pa umphawi, ali pa ngozi. Ndiye womvera wa Chichewa akamva "pa chiongoko" sikuti chithunzi cha wokwera chija chimubwerera chokha, mpofunika kumuonetsa. Ndinaonapo mnzanga wina atamasulira ayayi kuti "ndi oongoka kapena osokera", tanthauzo silinalakwike koma chithunzi chonse chafufutika, zatsala ngati ndiwo zopanda mchere. Pamene chilankhulo chathu chikulola kusunga pa ndi mu, tiyeni tisunge.

Ala yemweyo ali ndi nkhope ina, ya katundu wolemera amene wakusenzetsa. Kumapeto kwa Baqara, 2:286, aya yomwe ambiri timaiwerenga usiku, "laha ma kasabat wa alayha maktasabat". Li ndi zako zokukomera, ala ndi zokugwera. Ife timati mlanduwu uli pamutu pako, ndipo aliyense amene anasenzapo mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri amamva kulemera kwa mawu amenewa m'khosi. Ndiye ndimati zabwino zomwe mzimu wachita ndi zake, zoipa zomwe wadzichitira zili pamutu pake.

Nkhope yomweyi ndinadzaionera pa msika. Surat Al-Mutaffifin, 83:2, ikunena za opungula miyeso, "alladhina idhaktalu alan nasi yastawfun". Mwachizolowezi munthu amalandira muyeso kuchokera kwa anthu, timayembekezera min, koma aya yaika ala. Ndinkangodutsapo mpaka chaka china nthawi yokolola ndinaperekeza mlamu wanga kukagulitsa chimanga kwa mavenda. Ndinaona ndi maso anga, wogula uja ndowa yake akuigwedeza, akuimenya m'mbali kuti chimanga chitsike, akuthiranso mpaka pamwamba patuluke kaphiri, kwinaku dzanja lina watchinga m'mphepete kuti chisatayike, chomwe chili padzanjapo nachonso nkulowa m'thumba lake. Mlamu wanga ali chete poti ndalama ya fizi akuifuna lero lomwe. Munthu yemweyo ikafika January akugulitsa, ndowa ndi ina yophwanyika pansi ndipo amasesa pamwamba ndi chikhatho kuti pakhale fulati. Nditaima pamenepo aya inandibwerera ndipo ndinamva chifukwa chake pali ala. Kugula kwake nkowakwera anthu pamsana, kowapsinja. Mukangoti "akamagula kwa anthu amafuna modzadza" mwanena zoona koma kupsinjako kwatsala m'Chiarabu. Pano ndikafika pamenepa ndimamasulira kenako ndimawakumbutsa za ndowa, palibe amafunanso kufotokozera kwina.

Pali mphatso ina yomwe tili nayo m'Chichewa yomwe ndinachedwa kuiona, ka -ko kakumapeto kwa mneni. Mayi akati idya nsimayi ndi akati idyako ndi zinthu ziwiri. Min nthawi zina satanthauza kuchokera, amatanthauza gawo chabe la chinthu. Pa Baqara 2:3, "wa mimma razaqnahum yunfiqun", ine ndimati ndipo pa zomwe tawapatsa amaperekako. Ka -ko kameneka kamamukhazika mtima pansi mlimi amene ali ndi matumba 5 okha, kuti sakuuzidwa kukhuthula nkhokwe yonse. Chimodzimodzi pa Surat Al-Insan 76:6, "aynan yashrabu biha ibadullah", timayembekezera kuti akumwa kuchokera mu kasupe koma pali bi, ndipo ena mwa akatswiri amati mneni wa kumwa wameza tanthauzo la kukhutitsidwa. Ife tili ndi mawu ake kale, kupha ludzu. Kasupe amene akapolo a Allah adzamwa nkupha naye ludzu. Pa Nisa 4:2 paja akuletsa kudya chuma cha ana amasiye "ila amwalikum", ila ameneyo akukoka mneni wobisika wa kuphatikiza, musadye chuma chawo pochiphatikiza ku chuma chanu. Amene munaonapo mbuzi za malemu zikulowetsedwa m'khola la amalume "kuti tizisunga" nkusatulukamonso mukudziwa chomwe ka ila kakuloza.

Tsopano pali malo ena pomwe kusankha kwako kwa mawu kumasanduka chigamulo cha fiqh (malamulo a Chisilamu) iwe osadziwa, apa ndiye pondiopsa kwambiri. Aya ya wudhu, kusamba kwa pokonzekera swala, Maida 5:6, "wamsahu biru'usikum". Ka bi kameneka ma Imam anasiyana nako. Kwa Imam Shafi'i kupaka gawo la mutu kwakwanira, kwa Imam Malik ndi Imam Ahmad ndi mutu wonse, a Hanafi amati gawo limodzi mwa magawo 4. Ife ambiri kuno tinakulira mu madhhab (njira yotsatira malamulo) a Shafi'i poti Chisilamu chinatifika kudzera kugombe la Aswahili, koma mukapita mizikiti ya m'tauni ku Limbe kapena ku Lilongwe mumaswali limodzi ndi abale athu achimwenye omwe ambiri ndi a Hanafi, komanso achinyamata ena anaphunzira kunja anabwera ndi zomwe anaphunzira kumeneko. Ndiye ukamasulira kuti "pakani mitu yanu yonse" waika mawu oti yonse omwe mu aya mulibe. Ukati "pakaniko" wagamulanso mbali inayo. Ine ndinasankha kumati pakani pamitu panu, kenako nkunena poyera kuti apa ma Imam anamva mosiyana ndipo onse ali ndi umboni wawo. Ndinaonapo anyamata awiri akukangana pa mpope wa wudhu mpaka iqama kuwadutsa, aliyense akuti Qur'an ikunena zomwe iye akuchita, chonsecho aliyense akunena zomwe womasulira wake anasankha.

Ma aya onena za Allah mwini wake, monga "man fis sama" mu Surat Al-Mulk 67:16 kapena "alal arshis tawa" mu Taha 20:5, amenewo sindithamangira kuwaika m'mawu anga ndili ndekha kutsogolo. Ndimawerenga, ndimanena zomwe shehe anandiphunzitsa mmene anandiphunzitsira, wofuna zambiri ndimamutumiza kwa iwo. Za "mu" ndi "pa" wa m'malo amenewa ma ulama akuluakulu analembapo mabuku, si pongoyankhira pa gulu la WhatsApp uli mu minibasi.

Zomwe ndimachita pano ndisanaime pa darasa nzosavuta ndipo aliyense angathe. Ndili ndi kope la masamba 96 lomwe ndimakoperamo aya za tsikulo ndi dzanja, mperekezi aliyense ndimamuzunguliza ndi bolopeni yofiira. Pa aliyense ndimadzifunsa kuti mneni ameneyu nthawi zonse amayenda ndi kachilembo kameneka? Ngati eya ndimadutsa. Ngati ayi, ngati ndimayembekezera min koma ndapeza ala, pamenepo ndimaima chifukwa pali china chake chomwe akundionetsa. Ndimayamba ndi Jalalayn poti ndi yachidule, kenako Ibn Kathir, ndipo zikakhala za kukoma kwa chilankhulo ndimapita kwa shehe tikatsegule mabuku aakulu aja limodzi. Ndikapeza tanthauzo sindifunsa kuti mperekezi wa Chichewa wofanana naye ndi uti, ndimafunsa kuti mayi anga akanafuna kunena zimenezi akanati bwanji. Nthawi zambiri yankho limatuluka mu mneni, kunyalanyaza, kuperekako, kuphatikiza, kupha ludzu. Ndikamaliza ndimawerengera akazi anga mokweza, iwo Chiarabu sadziwa kwenikweni, ndimawafunsa kuti mwamva chani. Zomwe abwezazo ndi zomwe anthu akamve ku mzikiti, zikasiyana ndi zomwe ndimafuna ndimakonzanso. Dikishonale ya pa foni imathandiza pa mayina a zinthu koma pa timawu iti imangokupatsa tanthauzo loyamba lija la pa bolodi.

Ndipo mukalakwitsa bwererani pamalo pomwepo mukakonze, pamaso pa anthu omwewo. Agogo aja tsiku lomwe ndinakonza anandiitanitsanso pakhonde, anati mwalimu tandibwerezerani mawu aja. Ndinati onyalanyaza, agogo, osati oiwala. Anati ndiye ine sindinanyalanyazepo, olo mvula ndimabwera. Ndinawaphunzitsa pomwepo kachitidwe ka sijida ya sahw, kuti akakaika pakati pa 3 ndi 4 atenge 3 nkuonjezera imodzi kenako agwetse nkhope kawiri asanapereke salamu, anabwereza kangapo akuwerenga ndi zala.

Sabata ino ndili pa aya ya zakaat, Tawba 9:60, yomwe ikutchula magulu 8 oyenera kulandira. Magulu 4 oyamba, mafukara, masikini, ogwira ntchito yosonkhanitsa ndi amene mitima yawo ikukokedwa, abwera ndi li. Kenako aya yatembenuka kuchoka pa li kupita pa fi nkuyamba "wa fir riqab", ndi "wa fi sabilillah". Anthu a tafsir ena amati oyambawo amapatsidwa m'manja chikhale chawo, pomwe enawo chumacho chimathiridwa mu ntchito yake, monga kuombola kapolo kapena kubweza ngongole. M'kope langa ndalemba "ndi za mafukara" pamzere woyamba, pamzere wachiwiri ndalemba "ndi zogwiritsa ntchito poombola", ndafufuta kawiri, Lachinayi ndikakhala ndi shehe tikaonenso tisanafike Lachisanu.